Mmene Agogo Anayezera Mtunda wa ku London

Fungo la makala a m'simbi yositira likandipeza, ngakhale lero, ndimaona agogo ataima kuseri kwa nyumba ya azungu ku Sunnyside, akuuzira simbiyo kuti phulusa lichoke, kwinaku akuwaza madzi pa malaya oyera omwe anachapa mbandakucha kumtsinje wa Mudi. Makolo anga anamwalira ndisanadziwe nkhope zawo, choncho ndinakulira pambali pa tebulo lositira lija, ndili phee, ndikupinda timipango ndi kuonerera.

Nthawi imeneyo ndege zinali zitangoyamba kutera ku Chileka, moti zikamadutsa anthu ankatula mitolo n'kuyang'ana kumwamba. Dona wa panyumbapo ankabwerera kwawo ku London, ndipo anafuna kunditenga kuti ndizikasewera ndi mwana wake, akandilowetsenso sukulu. Amalume, omwe anali kalaliki ku Limbe, anavomera msanga, ndipo poti anali eni mbumba, mawu awo ankalemera. Ine sanandifunse. Ndinkangogwira nsonga ya nsalu ya agogo.

Tsiku lokambirana tinakhala ndi dona pakhonde, amalume atavala jekete kuti amasulire.

"Amayi, ku London si kutalinso ayi," anatero. "Kale kunali kwa sitima yapamadzi. Pano mukwera pa Chileka, musintha ndege, mugona panjira kangapo, basi mwafika."

"Kangapo ndiye kangati, mwananga?"

"Sabata itha, mwina kupitirirako pang'ono."

Agogo anapukuta manja pansalu yawo.

"Ndiye uwafunse adona. Ndikafa nyengo yotentha ngati ino, mudzandisunga mpaka mwanayu atafika?"

"Amayi, zimenezo sitinganene kwa mzungu."

"Nena, iwe. Kapena Chingerezi chako chathera pa ndege?"

Amalume anamasulira thukuta lili kamukamu. Dona anayankha yekha m'Chinyanja chake chopunduka kuti mayi ake anaikidwa iye ali konkuno ku Blantyre, ndipo anamva manda atauma kale.

"Pepani, adona," anatero agogo. "Ndiye inunso mukudziwa kuti ndi kutali." Anatembenukira kwa amalume. "Nanga iwe mwini mbumba, anthu akadzafunsa pamaliro anga kuti mwana wa mlongo wako ali kuti, udzawalozera kumwamba?"

Amalume anayang'ana nsapato zawo. Dona anandisisita mutu, nati nkhaniyo ithere pomwepo.

Pobwerera kwathu kuseri kwa phiri la Soche, agogo, omwe ngakhale kutchalitchi ankaimba chapansipansi, analuluta pakati pa msewu mtolo wa zochapa uli pamutu, mpaka bambo wina wapanjinga anaima n'kufunsa ngati kwabadwa mwana.

"Eya," anayankha agogo, "ndi uyu akuyendayu!"

Sukulu ndinaphunzira yamishoni konkuno. Agogo anamwalira ine ndili kale ndi ana anga. Uthenga unandipeza m'mawa ku Limbe, ndinauyamba ulendo wapansi, ndipo ndinafika madzi owasambitsira akadali pamoto. Nsalu yawo yomaliza ndinawaveka ndine.

Lero adzukulu anga ena amakhala ku London komweko. Akandiuza pafoni kuti masiku ano ukanyamuka lero umafika mawa lake, ndimaseka n'kuwauza kuti, "Chabwino. Ndiye mulibe chonamizira."