Zibowo za pansi pa mpando wa boti

Ndinayamba kusoka mipando ya maboti ndisanakwerepo boti, ndipo mpaka lero sindinakwerepo. Kwathu ndi kumapiri. Madzi amene ndinkawadziwa ndi a pamjigo ndi a kumtsinje kochapira.

Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Kusoka ndinaphunzira kwa amalume anga, telala wa pakhonde la sitolo. Iwo anali ndi lamulo limodzi: chovala chisachoke m'manja mwako chili ndi chibowo. Munthu akabweretsa buluku kuti alipinde m'munsi, amalume ankapisa ndi m'matumba momwe, ndipo akapeza pong'ambika ankasoka mwini wake asanapemphe. Ndinakula ndikudziwa kuti chibowo chimachititsa manyazi telala.

Nditabwera ku Lanham, tauni ina ya kutsidya kwa nyanja, kutsatira bambo a mwana wanga, ndinakhala m'nyumba nthawi yaitali. Chingerezi ndinkamva pang'ono, koma pakamwa chinkandikanika. Amene ananditulutsa ndi anti ena a ku Zambia opemphera nawo, amene ankasoka matenti ophimbira maboti pa shopu ina yaing'ono kufupi ndi madzi. Anaona diresi limene ndinasokera mwana wanga, analitembenuza n'kuyang'ana m'kati, kenako anati, "Iwe, Mande ukwele motoka yanga."

Mwini shopu anali bambo wachikulire wa konkuno, wolankhula mothamanga ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Akandiuza chinthu ndinkayang'ana pansi n'kuti "yesi". Kwathu munthu wamkulu sumubwerezetsa mawu.

Maboti amene tinkasokera kwambiri ndi aja okoka munthu pamadzi. Munthuyo amaima pa timatabwa tiwiri tatitali atagwira chingwe, boti n'kumathamanga naye. Poyamba ndinkadabwa kuti anthu olemera chonchi akulephera bwanji kugula latsopano, m'malo motibweretsera mipando yong'aluka ndi dzuwa. Anti anandifotokozera tili m'galimoto. Anati mafakitale masiku ano amakonda kupanga maboti akuluakulu olemera, outsa mafunde kumbuyo, chifukwa pa boti limodzi lotero amapindula kwambiri. Aang'ono okoka munthuwa amapangidwa ochepa, ndipo chinthu chikamapangidwa chochepa mtengo wake sutsika. Ngongole ya kubanki nayo inali itadula. Choncho amene ali ndi lakale amalisunga. Thupi la boti silichedwa kuola, injini amakonzetsa. Chimene chimafa msanga ndi mipando.

"Ise tidyela pamene apo," anatero anti. "Uzipemphelela kuti fakitale isachipise."

Ntchito inkachuluka nthawi yozizira, maboti ali pamtunda. Kukayamba kufunda eni ake ankawatenga kupita nawo kumadzi, shopu n'kukhala zii, ndipo bwana ankasiya anthu ochepa okha. Ine ndinkafunitsitsa kukhala mmodzi wa otsalawo. Ndinkaweruka masana, nthawi yabwino yokatenga mwana wanga kusukulu ya mkaka. Ntchito zina zimene ndikanapeza ndi Chingerezi changacho zinali zondisiyanitsa ndi mwanayo tsiku lonse.

Miyezi yoyamba ndinkangolumikiza zidutswa za pamwamba zimene bwana wadula kale. Chakumapeto kwa dzinja iye anapita kuchionetsero cha maboti kwa sabata yathunthu. Asananyamuke anandiunjikira mipando ya maboti atatu, nati ndiichite ndekha kuyambira podula mpaka pomaliza. Anatembenuza mpando umodzi wakale, naloza kunsi kwake, nanena mawu angapo. Ndinati "yesi".

Atapita ndinayang'ana pamene analozapo. Kunsi kwa mpando uliwonse kunali kachigamba ka nsalu yonga neti, ndipo thabwa lake linali ndi zibowo. Ndinaganiza kuti amene anasoka poyamba nsalu inamuthera n'kuikapo neti, ndipo bwana akufuna kuti ndikonze zimenezo. Ndinadula nsalu yabwino ya pulasitiki ija yosalowa madzi, ndinatseka kunsi konse, ulusi wothinana bwino. Ndinakulunga mipando yonse m'mapepala a pulasitiki n'kuisanja pashelefu, kumaso kuli m'mwamba. Anti sanaone chifukwa ankasokera m'chipinda china. Sabata imeneyo ndinkayenda monyadira.

Kasitomala woyamba anatenga yake kutangoyamba kufunda. Patapita masabata awiri anabwera nayo. Sanakalipe. Anaika mpando umodzi patebulo, naukanikiza ndi chikhatho, ndipo madzi anatuluka m'mabowo a singano ngati thukuta. Unkanunkha ngati chisanza choiwalika m'ndowa. Anati mkazi wake akakhala, amadzuka atanyowa.

Bwana anautembenuza. Anayang'ana kunsi, nandiyang'ana ine. Anapepesa kasitomala uja n'kumuuza kuti akonza ulere. Kenako analowa mu ofesi.

Anti anandikokera kuchipinda kwawo.

"Iwe mwana, wavalila chani pansi?"

"Panali zibowo, anti."

"Zibowo. Manje manzi yazachokela kuti? Munthu achoka mu manzi, ankhala pa mpando. Mvula nayo. Siponji imwa. Iwe wasoka chigubu."

Ndinawauza motsitsa mawu kuti si umodzi wokha. Ya maboti ena awiri inali pashelefu, yotseka chimodzimodzi, ndipo eni ake ankabwera kudzatenga Loweruka.

Ndinawapempha kuti akauze bwana m'malo mwanga.

"Awe. Ine ninakuleta, koma kamwa ni kako."

Ndikanatha kukhala chete. Mipandoyo ikanapita, n'kubwerera patapita masabata angapo, mwina bwana atasankha kale otsala. Ndinaganizadi zimenezo, sindibisa. Koma ndinkaona m'maso mwanga mayi wina wosamudziwa akudzuka pampando wanga atanyowa, ndipo ndinkadziwa kuti ikadzabwerera bwana sadzandipatsanso chinthu choti ndichite ndekha.

Madzulo amenewo ndikusambitsa mwana wanga, ndinayeserera mawu a Chingerezi amene ndikanene. Iye anali ndi zaka zinayi. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Anandimvetsera, nandikonza mawu amodzi, kenako anandifunsa ngati bwanayo andiike pakona monga amachitira kusukulu kwawo mwana akalakwa. Ndinati mwina. Anati ndikapite ndi chidole chake.

M'mawa ndinatsitsa ndekha mipando ija pashelefu, ndinaimasula, n'kuitembenuza patebulo bwana asanafike. Atalowa ndinaimirira. Mawu onse amene ndinayeserera anathawa. Ndinangoti, "Iyinso. Ndinatseka yonse. Tsiku lija munandiuza, sindinamve, ndinangoti yesi."

Anayang'ana mipandoyo umodzi umodzi. Anayendetsa chala pamzere wa ulusi. Kenako anatenga mpando wina wakale pakona, nauika pa zitsulo ziwiri, nathirapo madzi a m'kapu pamsoko. Tinadikira tonse awiri. Patapita kanthawi madzi anayamba kudontha kunsi, kudzera pa neti paja.

Ulendo uno analankhula pang'onopang'ono. Anati pa boti madzi amalowa basi, ngakhale usoke bwanji, ndiye amawasiyira potulukira. Anati nsalu imene ndaononga ndi yodula, ndipo kasitomala wa maboti amenewa akakhumudwa amauza anzake onse, poti ndi anthu ochepa ndipo amadziwana. Ndinangoyang'ana pansi.

Kenako anandifunsa ngati ndamva.

Ndinatsala pang'ono kunena "yesi". Koma panali mawu amodzi amene sindinawagwire, ndiye ndinati, "Bwerezani pomaliza paja."

Anaseka pang'ono, nabwereza. Anati chiyambire ntchitoyi sanaonepo mpando wosunga madzi masabata awiri, ndipo akadzafuna wosoka ndowa akudziwa kopita. Anandipatsa kampeni kosomolera ulusi ndi mpukutu wa neti, nati Loweruka ikhale itatha.

Ndinasomola masiku atatu. Kusomola ulusi wako womwe, umene unausoka monyadira, kumatenga nthawi kuposa kuusoka. Anti ankadutsa pakhomo n'kufunsa, "Ba chigubu, mwafika pati?" Lachisanu anabwera ndi kampeni kawo n'kukhala pafupi nane kundithandiza kusomola.

Eni mipando anatenga katundu wawo Loweruka, ndipo sinabwerere.

Kutafunda kwenikweni bwana anatiitana mmodzimmodzi. Ine anandisiya pantchito, koma masiku atatu okha pa sabata, nthawi yoweruka yomwe ija. Koma anti, bwana anawasiya masiku onse, chifukwa matenti amang'ambika chaka chonse. Masiku atatu sanali ambiri, koma mwana wanga ndinkamutengabe ndekha pageti.

Tsopano papita zaka ziwiri. Ndimadula ndekha, ndipo ndikapanda kumva ndimafunsa. Maboti akale aja akubwerabe. Ena ndimawazindikira ndi mtundu wa nsalu.

Tsiku lina ndinaimbira foni amalume n'kuwafotokozera nkhani yonseyi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinkamva makina awo akulira pakhonde paja, kenako anawaimitsa.

"Ndiye ukuti amakulipira kuti uzisiya zibowo?"

Ndinati eya, malume, koma kunsi kokha.