Chimene Chinkamuwenga Kambani

Aliyense amene anagulapo nkhuku yamoyo pamsika wa ku Katondo anawaonapo amai Sellina Ngoma, ngakhale ambiri sadziwa dzina lawo. Amakhala kumapeto kwa mzere wa nkhuku, pafupi ndi mpopi, ali ndi mbaula, chimgolo cha madzi otentha ndi mpeni wothyoka nsonga. Ukagula nkhuku umawapatsira iwo. Usanamalize kusankha tomato, nkhuku ija yaphedwa, yasosoledwa, yatumbulidwa, ili kale mupulasitiki. Ntchitoyi aigwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, moti zala zawo zinakhwima, madzi otentha sawawotchanso.

Anabadwira momwe muno m'Kabwe. Atate awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito pamgodi. Amai Sellina anakwatiwa ndi a Derrick, okonza njanji, koma Mulungu sanawapatse mwana. Tsiku lina a Derrick anabwera kuchokera kuntchito ali ndi kagalu m'thumba la ovolosi, atakatola m'ngalande. Amai Sellina anakasambitsa, n'kumakamwetsa phala ndi supuni. Azimayi oyandikana nawo anayamba kunong'onezana kuti Sellina wapeza mwana tsopano. A Derrick atamva anangoti, "Asiyeni akambe," ndipo galuyo anatchedwa Kambani. Patapita zaka ziwiri a Derrick anamwalira, m'nyumba n'kutsala awiri.

Palibe galu mu Katondo monse amene ankadya ngati Kambani. Makasitomala a kumayadi safuna mitu ndi matumbo, choncho madzulo aliwonse amai Sellina ankabwerera kunyumba ndi kandowa kodzaza. Ankaphika bwinobwino, kulawa, kenako kusakaniza ndi nshima yotsala.

Chaka chatha Kambani anayamba kudzikanda. Zinayambira m'makutu. Kenako ankangokhalira kunyambita mapazi, mimba inafiira, ubweya wa pamsana n'kuyamba kuthothoka. Anapita naye kudipi katatu. Nkhupakupa zinatha koma kukanda sikunathe. Poona kuti galu akuonda, amai Sellina anawonjezera nkhuku m'mbale.

M'mawa wina wa mu Juni, a Beston, eni nyumba, amene amakhala m'nyumba yaikulu pabwalo lomwelo, anawaimitsa pageti.

"Ba Sellina, uyu galu ali na mphere. Masukulu akatseka mu Ogasiti adzukulu anga abwera kuchokera ku Ndola. Ngati sanapole, achoke pano. Mumupereke kumunda, kapena..."

"Kapena chani, ba Beston?"

"Mudziwa imwe."

Tsiku limenelo sanapite kumsika. Anamanga Kambani chingwe n'kuyenda naye wapansi mpaka m'tauni, kusitolo ya mankhwala a ziweto. Kumeneko anapeza Susan, mtsikana wophunzira za ziweto. Susan anamuyang'ana Kambani m'makutu ndi pakati pa zala, anapalako khungu pang'ono n'kukaliunika pamakina oonera tizilombo.

"Mphere palibe, mami. Amadya chani uyu?"

"Nkhuku," anayankha amai Sellina monyadira. "Tsiku na tsiku. Uyu njala saidziwa."

"Ndiye mwina ndi nkhukuyo imene ikumuwenga. Sindinganene sure, koma ndikuikayikira."

Amai Sellina anaseka mpaka kugwirira pakauntala.

"Mwana wanga, ziwengo ni za anthu. Mlamu wanga akadya nkhumba amatupa milomo. Manje galu?"

Susan sanaseke. Anafotokoza kuti njira yodziwira ndi imodzi: kwa milungu isanu ndi itatu Kambani adye chakudya chimodzi chokha, chimene sanadyepo, popanda ngakhale kafupa. Anaika pakauntala chitini ndi thumba. M'chitini munali chakudya chonyowa, m'thumba chouma.

Amai Sellina sanachedwe kusankha. Analoza chitini, chifukwa pachithunzi panali nyama ya ng'ombe yosambira mumsuzi, ndiwo zenizeni. Thumba lija anangolikhudza ndi chala chimodzi.

"Awa ni mapeleti a mabroila. Ine ndidyetse Kambani ngati broila?"

Susan anatembenuza chitini chija n'kuwawerengera timalemba ta kumbuyo. Ng'ombe inalipo, koma munalinso nyama ya nkhuku ndi mafuta a nkhuku. Zitini zonse za pashelefu zinali choncho.

"Kunyowa kapena kuuma si nkhani, mami. Nkhani ni zimene zili mkati. Komanso chitini mukatsegula chifuna fuliji. Thumba ili ni la nsomba na mpunga chabe. Kapenta munamupatsapo?"

"Galu wa Derrick adye kapenta? Awe!"

"Ndiye zili bwino. Tengani thumba."

Kunyumba Kambani ananunkhiza mbale, n'kuwayang'ana amai Sellina ngati amulakwira, n'kukagona pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lachiwiri amai Sellina anaviika mapeleti aja m'madzi ofunda kuti afewe, koma galu sanasunthe. Tsiku lachitatu anakumbukira kuti chiyambire, Kambani sanadyepo chinthu chimene iwo sanalawe. Anakhala pakhonde, anatola peleti imodzi, anaiponya m'kamwa n'kuyamba kutafuna, khuru khuru, galu akuonerera.

A Beston anali akuthirira ndiwo zawo zamasamba. Anaika kheni pansi.

"Ba Sellina! Zavuta chonchi? Mukananena, unga ulipo kunyumba."

"Ndikulawa mchere, ba Beston."

Kambani anadzuka, anayandikira, n'kudya zonse mpaka kunyambita mbale.

Chovuta chenicheni chinali kandowa. Anayamba kukasiyira mnzawo wa kumsika, iwo n'kumasamba m'manja ndi sopo pampopi asananyamuke. Komabe akafika pageti Kambani ankanunkhiza chitenje chawo, n'kumasuzumira kumbuyo kwawo kufunafuna kandowa. Apo mtima unkawawawa. Ankadzifunsa ngati n'zoona kuti zaka zonsezo manja awo omwe ndi amene ankamudwalitsa, ndipo pamene anadwala kwambiri iwo n'kumuwonjezera zomwezo.

Pofika mlungu wachisanu kukanda kunali kutachepa. Mimba inasiya kufiira, pamsana panayamba kumera timaubweya tofewa. Amai Sellina ankayenda kumsika akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Lolemba la mlungu wachisanu ndi chimodzi, anapeza Kambani akudzikandanso, makutu ali psuu. Lachiwiri anali atadzitema chilonda pakhosi. Masukulu anali atatsala milungu iwiri kuti atseke. Amai Sellina anaona kuti Susan analakwitsa, ndipo anatumiza uthenga kwa msuweni wawo amene ali ndi munda cha ku Mpima, kuti akonze malo a galu.

M'mawa mwake akusesa pabwalo, kuseri kwa khitchini ya a Beston, tsache linakokolola kafupa kotafunidwa mbali imodzi. Anakatola. Munthu wina akanangokataya, koma amai Sellina mafupa a nkhuku amawadziwa ngati zala zawo. Fupa limenelo silinali la broila. Linali lalitali, lolimba, la ntchafu ya tambala wakumudzi. Ndipo tambala wakumudzi mlungu wathawo anasosola mmodzi yekha, Loweruka, wa a Beston.

Anawapeza atakhala pampando panja. Anagwada mwaulemu, n'kutambasula dzanja.

"Ba Beston, tambala uja anakoma?"

A Beston anayang'ana fupa, anayang'ana kumwamba, n'kukanda m'mutu.

"Anali kundiyang'ana, ba Sellina. Ine ndikudya nkhuku pa Sande, galu wa malemu Derrick akudya timiyala. Mtima unakana."

"Si ndimwe mufuna achoke?"

"Kuchoka ni nkhani ina. Njala ni nkhani ina."

Amai Sellina anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Anaimbira foni Susan pomwepo, a Beston akumva. Susan anaseka kwambiri.

"Muwathokoze atatewo! Pamapeto ndikanakuuzani kuti mumupatsenso nkhuku pang'ono, tione ngati ziyambiranso. Iwo atichitira kale. Manje tadziwa: ni nkhuku, si matenda opatsirana. Mwana aliyense angamugwire."

A Beston anapempha foni, anafunsa okha kawiri, n'kuibweza.

Adzukulu anafika masukulu atatseka, atatu, aphokoso. Kambani anali asanapoleretu. Pakhosi panali chipsera, ndipo pamsana panali pamalo pamodzi popanda ubweya. Amai Sellina anaima pakhomo pawo atagwira chingwe, kudikira mawu a eni nyumba. A Beston anaitana ana aja asanalowe n'komwe m'nyumba.

"Imwe, bwerani kuno. Uyu ni Kambani, ni wa pano. Mungasewere naye. Koma amene amupatse fupa la nkhuku abwerera ku Ndola tsiku lomwelo. Ngakhale akuyang'aneni bwanji. Mwamva?"

"Nanga akatiyang'ana maningi, agogo?" anafunsa wamng'ono.

"Muyang'ane kumbali. Ine ndimadyera m'nyumba masiku ano."

Amai Sellina anamasula chingwe. Madzulo anatumiza uthenga ku Mpima kuti msuweni asavutikenso.

Lachinayi lotsatira, pamsonkhano wa azimayi a Chigwirizano kutchalitchi chawo cha Reformed, itafika nthawi ya mayamiko anaimirira, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anayamika Mulungu chifukwa cha mtsikana wodziwa kuwerenga timalemba ta kumbuyo kwa chitini, chifukwa cha eni nyumba a mtima wosalimba, ndiponso chifukwa cha tambala wina wakumudzi. Azimayi anayankha kuti ameni, kenako mmodzi anawakoka chitenje kuti akhale pansi afotokoze bwino za tambalayo.