Kuchoka ku Karpathos Kukatera ku Kasos

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo ku Hull, ku England, kunkawaza mvula, mphepo yochokera kudoko ikugwedeza mawindo, mbalame za kunyanja zikulira pamadenga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Nditaweruka kusukulu ndinapeza pakhomo pathu potseka. Amene ankandidikira anali mayi Tembo, anansi athu a ku Zambia. Anandiuza kuti makolo anga apita ku Greece, ku ukwati wa namwino wogwira ntchito ndi amayi, ndipo abwerako Lamlungu.

Sindinakhulupirire. Ndili ndi zaka zisanu makolo angawo anandichokeranso chimodzimodzi ku Chilomoni, osatsanzika, poti kwathu mwana sauzidwa za ulendo, angalire. Anati akupita kutauni, chonsecho ankakakwera ndege ya ku England. Ndinadzawaonanso patatha zaka zinayi, atandiitanitsa ku Hull. Kwa ine munthu akakwera ndege ndiye kuti wapita basi.

Masiku awiri ndinakana kuyankhula nawo pafoni. Lachitatu lake mayi Tembo anachita kundigwiritsa foniyo kukhutu. Bambo anati ali pachilumba cha Karpathos, akukwera kandege kopita ku Kasos, chilumba chimene ankachiona ndi maso kutsidya kwa madzi. Mtunda wake, anatero, sukuposa wochoka ku Limbe kukafika ku Chileka.

"Yang'ana wotchi ya a Tembo, mwanawe. Tikatera ndiimbanso."

Ndinakhala pampando wa m'khitchini, maso pakhoma, mumtima ndikuti mwina aimba mawa, mwina chaka chamawa. Mayi Tembo anayamba kusenda mbatata. Mvula inali isanakate, theka la ola lisanakwane, mbatata zisanapse, foni inalira.

Bambo ankaseka. Anati nthawi yambiri inathera pokwera ndi potsika, m'mwambamo anangokhalamo mphindi zowerengeka. Amayi, amene mapemphero awo ankaziziritsa chakudya, anayamba kupemphera ndege ikunyamuka, matayala n'kugunda pansi iwo asanafike pa ameni. Pafonipo ndinkamva mphepo ya kumeneko ndi timabelu ta mbuzi. Anthu anakwera kumwamba, kuwoloka nyanja, kutera, ine ndikadali pampando womwewo! Ndinali ndisanaganizepo kuti pansi pa thambo la Mulungu pali ndege imene imabweza mawu a munthu tsiku lomwelo.

Kenako amayi anatenga foni.

"Tinalakwa kuchoka osakuuza. Lamlungu tikupeza."

Anabweradi, khungu litapserera ndi dzuwa.

Lero mwana wanga amangogwira foni n'kundiuza mtunda wa pakati pa zilumba ziwirizo, osadabwa n'komwe. Chimwalirireni mayi ake, sindituluka pakhomo osamuuza kumene ndikupita ndi nthawi yobwerera, ngakhale kukhale kogula buledi. Makolo anga anachita zimene anakulira, poganiza kuti akundipeputsira misozi. Ndinawakhululukira.