Mwala wa Bambo a Esitere

Ndinanyamuka ku Bangwe Lachiwiri m'mamawa, patapita sabata ziwiri chimetereni maliro a amuna anga, bambo a Esitere. Pampango ndinamanga mwala wotuwa, waukulu ngati dzira la bakha. Amuna angawo anabwera nawo kuchokera ku Kenya, kumene anali msilikali, nkhondo itatha. Ankati kumeneko kuli phiri lokhala ndi dzenje pamwamba ngati mtondo, ndipo kale linkalavula moto. Anthu ankangowaseka. Ngakhale pamaliro, achimwene awo, a Fulansisiko, anati, "Munthu anali wabwino, koma bodza lokhalo." Mwana wathu Esitere anamva, ndipo anandifunsa ngati bambo ake analidi abodza. Akatekisi athu ndi amene anandilozera kwa aphunzitsi ena ku Blantyre, a Likoswe, odziwa za mapiri.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Limbe, amwenye akutsegula kumene masitolo. Basi ya ku Blantyre inali sikisi, makobiri asanu ndi limodzi.

"Katundu ali kuti, mayi?" anafunsa kondakitala.

"Ndi mwala wokha."

"Mwala? Kodi ku Blantyre miyala yatha?"

Basi yonse inaseka, inenso ndinaseka, koyamba chiyambire kudwala kwa amuna anga. Mayi wina wachilomwe amene anafungata nkhuku anandifendera nati, "Ngati ndi wamankhwala, usandikhudze." Pa Chichiri nkhuku ija inamasuka, ndipo tinafika pa Ginnery Corner bambo wina wa suti akuisaka pansi pa mipando.

Ndinatsikira pafupi ndi msika dzuwa litakwera. Ndinagula zitumbuwa ziwiri ndi tiyi, ndikudyera chiimire, kenaka ndinakwera mtunda wopita kusukulu. Ndinadikira pansi pa mtengo mpaka belu la masana.

A Likoswe anali aafupi, ovala magalasi. Anautembenuza mwala uja m'manja, nauyesa kulemera kwake ngati munthu wogula mbatata.

"Nanga mbali iyi yasalala bwanji?"

"Ndimakwechera zidendene, aphunzitsi. Zaka khumi tsopano."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mayi, mwala wayenda ulendo wonsewo kudzathera kumapazi! Komatu simunalakwe, azungu amachita kuugula m'sitolo pa ntchito yomweyo."

Anatunga madzi m'beseni nauponyamo. Unayandama, monga umachitira kwathu. Anansi anga ankati ndi chikuni chowola.

"Si chikuni," anatero. "Pansi penipeni pa dziko mpotentha kwambiri, mwakuti miyala imasungunuka ngati phala. M'phalamo muli mpweya. Mumaphika thobwa?"

"Kwambiri."

"Mukalitsekera m'botolo masiku atatu, n'kutsegula mwadzidzidzi?"

"Limathovokera kumaso."

"Basi. Phala lija likapeza mng'alu limakwera, ndipo phiri limaphulika. Mwala wanuwu ndi thovu limene linauma lili m'mwamba. Timabowoti ndi momwe munali mpweya."

Anatulutsa buku la zithunzi. Ndinaona kuti mapiriwa sali amodzimodzi, ali ngati anthu. Ena ngaukali, amaponya phulusa lokwirira mudzi wonse. Ena ngofatsa, moto wake umangoyenderera ngati uchi, munthu n'kuuthawa choyenda. Lina linatulukira pakati pa nyanja yamchere n'kusanduka chilumba. Ena amagona zaka zambirimbiri, anthu n'kumalima m'mbali mwake chifukwa nthaka yake ndi yachonde. Patsamba lina panali phiri la ku Kenya, dzenje lake pamwamba ngati mtondo. Ndinaikapo chala, misozi n'kutsika, koma mumtima muli mbee.

Potuluka ndinayang'ana phiri la Ndirande. "Nanga ili silitilavulira?"

"Gonani tulo, mayi. Phala la ili linazizirira pansi kalekale."

Anandilembera kalata yaifupi m'Chinyanja kuti Esitere akawerenge yekha. Ndinafuna kuwasiyira mwala uja kuti ana asukulu aziona, koma anati ndi wa Esitere.

Cha m'ma 3 koloko ndinakwera basi yobwerera, kondakitala yemwe uja.

"Sanaugule?"

"Ulibe mtengo, achimwene. Unatuluka m'moto."

"Ndiye mukhale nawo kumbuyo, kutali ndi petulo!"

Ndinafika ku Bangwe dzuwa likupendeka, ndipo ndinapita ndi Esitere kwa a Fulansisiko. Mwanayo anawerenga kalata mokweza, mawu amodziamodzi, anansi atasonkhana pakhonde. Atamaliza anaibwerezanso, popanda womuuza.

A Fulansisiko anakanda m'mutu. Kenaka anati, "Ndinamuchimwira mng'ono wanga. Ndiye kuti, alamu, zija ankati anathamangitsa mkango ndi lamba wa buluku, nazonso n'zoona?"

"Izo zokha, alamu, ankanama."

Tinaseka tonse mpaka kugwira nthiti. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma tsiku limenelo ndinaphunzira kuti chinthu chimene sunachione usafulumire kuchitcha bodza. Lero Esitere akamanena za bambo ake, amayamba ndi phiri.