A Mizere ndi Mafayilo Omwe Anatsala Mayina Okha

Pa nyuzipepala yomwe anagwirapo ntchito moyo wawo wonse, ndi ochepa omwe ankadziwa dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Mizere, chifukwa wolowa m'kachipinda kawo ka pansi pa masitepe ankawapeza atapenyetsetsa pa kompyuta yakuda bii, pomwe pankayenda mizere ya zilembo zoyera basi. Mausi yawo inkagona m'dirowa pamodzi ndi mapiritsi a shuga.

Anayamba ngati wosanja zilembo kumakina osindikizira. Makompyuta atafika anzawo ambiri anapita kwawo, koma iwo anaumirira mpaka anakhala wosunga nkhani zakale. Nkhani iliyonse yomwe nyuzipepalayo inasindikizapo inali m'fayilo yakeyake ya XML, mmene chigawo chilichonse chimakhala pakati pa zizindikiro ziwiri, chotsegula ndi chotseka: mutu pakati pa zake, dzina la mtolankhani pakati pa zake, nkhaniyo pakati pa zake. Mabuku aakulu a nyuzipepala zakale anavunda chaka chomwe denga la mosungiramo linadontha, chiswe n'kudzamaliza. Zonse zomwe nyuzipepalayo inanenapo zinatsala m'mafayilo amenewa, m'kompyuta imodzi yakale yomwe inkalira ngati chigayo.

A Mizere sankatsegula mafayilo imodziimodzi. Ankalemba masikiripiti a shell, timalamulo totuma kompyuta kugwira ntchito imodzi pa mafayilo onse motsatizana. Pofufuza mawu ankatuma grep, posintha maonekedwe a fayilo ankatuma xsltproc. Anali ndi zizolowezi ziwiri. Choyamba, mafayilo akale ankadandaulitsa zida zawo pa tizinthu tachabechabe, choncho madandaulo onse ankawaponya kudzenje lomwe amisiri a makompyuta amalitcha /dev/null, komwe mawu akalowa sabwerera. Chachiwiri, ntchito ikatha ankawerenga kuti mafayilo omwe alowa ndi angati, omwe atuluka ndi angati. Akafanana, ankathira tiyi.

M'mafayilomo munali imodzi yomwe sankaitsegula kawirikawiri. Malemu akazi awo anali mzamba, ndipo tsiku lina madzi osefukira atalowa m'chipinda cha amayi oyembekezera, anachiritsa amayi ali m'madzi olekeza m'mawondo. Mtolankhani anakacheza nawo n'kulemba mawu awo monga anawalankhulira. Akazi awowo anamwalira pomwe mwana wawo wamkazi anali asanayambe sukulu, ndipo pepala la nkhaniyo linatayika posamuka nyumba za lendi. Mwanayo, yemwe tsopano ndi telala, anali ndi pakati, ndipo anayamba kuwakumbutsa.

"Atate, nkhani ya amayi ija. Nkhope ndimaiona pa chithunzi, koma sindidziwa mmene ankalankhulira."

"Ili pabwino, mama. Ndikusindikizira tikangomaliza kusamutsa mafayilo."

"Mwayamba kale kunena zimenezo. Mdzukulu wanu adzabadwa, n'kudzaisindikiza yekha."

Chomwe sanauze mwanayo kapena wina aliyense n'chakuti shuga anali atawalowa m'maso. Pakati pa chilichonse chomwe ankayang'ana pankakhala kamtambo. Anakulitsa zilembo mpaka mzere umodzi unkasefukira kunja kwa galasi. Mkonzi wamkulu, mayi wa liwu lalikulu yemwe a Mizere anamuona akuyamba utolankhani, anaima pakhomo tsiku lina.

"A Mizere, zilembo zimenezi mukulembera anthu a kutsidya kwa msewu?"

"Ndikulembera inu, mayi, poti mumawerenga mukuyenda."

"Pitani kwa dokotala wa maso, akulu."

"Maso ali bwino. Chakalamba ndi kompyutayi."

Anayankha choncho chifukwa ankadziwa kuti kachipinda ka pansi pa masitepe sikasunga munthu wosaona.

Kusamutsako kunali lamulo la eni ake atsopano a nyuzipepalayo. Ankafuna nkhani zonse zisinthidwe kukhala XML ya mtundu wina, woyenera tsamba lawo la pa intaneti. Anagula kompyuta yatsopano, ndipo yakale inayenera kufufutidwa n'kuperekedwa kwa a zotsatsa malonda, omwe ankaidikira ngati afisi. A Mizere anakopera mafayilo onse kupita ku yatsopano. Kenako anatsegula sikiripiti yawo, yomwe pamwamba pake panali mizere iwiri: wina wonena kokatenga mafayilo, wina wonena kokaika osinthidwa. Popeza malo anali atasintha, analemba mzere woyamba, n'kuukopera pansi pake kuti angosintha mawu akumapeto. Foni inalira. Atabwerera koyankha foniyo anayang'ana mzere wachiwiri, anaona chiyambi chake, mapeto ake ali kuseri kwa galasi ndi kamtambo kaja, ndipo anakhulupirira kuti anausintha.

Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa khalidwe la kachizindikiro ka >, kouza kompyuta kokathira zotsatira. Kasanathire kanthu, kamayamba kakhuthula fayilo yomwe kalozedwa. A Mizere anaphunzitsapo anthu ambiri zimenezi. Ankati nkofanana ndi kutsuka botolo kuti uthiremo mafuta, pomwe mafutawo ali m'botolo lomwelo. Tsiku limenelo kotenga ndi koika kunali kumodzi. Fayilo iliyonse inkakhuthulidwa xsltproc asanaiwerenge. Chidacho chinakuwa pa fayilo iliyonse kuti mulibe kanthu, koma kukuwa konseko kunkagwera kudzenje kuja.

Ntchito inatha msanga, iwo n'kuyamikira kompyuta yatsopano. Anawerenga kotenga, anawerenga koika: chiwerengero chinafanana, pakuti ankawerenga malo amodzi kawiri. Anathira tiyi.

"Titenge gogo wanuyu?" anafunsa mkonzi akumenya kompyuta yakale pamsana.

"Tengani. Koma muwauze a malonda kuti amakonda kunyengereredwa m'mawa."

Tsamba latsopanolo linali lisanatsegulidwe, choncho palibe yemwe anafunsa za mafayilowo. Patapita milungu, masana ena, anakumbukira lonjezo lawo. Anatuma grep kufufuza dzina la akazi awo. Sinabweze kanthu. Anaganiza kuti zala zaphonya, anabwereza. Kenako anafufuza mawu akuti "boma", omwe sangasowe m'nyuzipepala iliyonse. Zii. Anatuma kompyuta kuonetsa kukula kwa mafayilo, n'kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno inagunda galasi. Mayina onse analipo, m'ndondomeko yake, chaka ndi chaka. Pambali pa lililonse panali ziro.

Anakwera masitepe atagwira khoma. Kwa a malonda anapeza kompyuta yakale ikuonetsa chithunzi cha matayala a galimoto. Mayi yemwe ankaigwiritsa ntchito anawauza mokondwa kuti katswiri anaifufuta bwinobwino, ndipo tsopano ikuthamanga ngati mwana.

Mkonzi atamva sanakalipe, ndipo zimenezo n'zomwe zinawapweteka kwambiri. Anavula magalasi ake n'kufunsa motsitsa mawu ngati pali njira ina. Katswiri anayesa, koma anangopeza zidutswa zosalumikizana: theka la chiganizo cha mpira, mitengo ya feteleza ya chaka chosadziwika. Eni ake anati a Mizere amalize mweziwo, pakuti wosunga nkhani zakale alibenso chosunga.

Masiku otsalawo ankabwerabe m'mamawa. Ankatsegula fayilo ya akazi awo, yomwe dzina lake ankalidziwa pamtima. Analembamo zizindikiro zonse, chotsegula ndi chotseka, chilichonse pamalo pake. Mutu wa nkhaniyo anaukumbukira, anaulemba. Atafika pa mawu a mzambayo, zala zinaima. Ankakumbukira kuti anatchula za nsapato zomwe madzi anatenga, ndiponso kuti iwo anaseka powerenga koyamba. Koma mawu enieniwo sanawasunge m'mutu, chifukwa ankadziwa kuti ali pabwino.

Foni inalira. Anali mwana wawo, akupumira m'mwamba chifukwa cha kulemedwa.

"Atate, ku sikelo akuti masiku ayandikira. Mwaipeza nkhani ija?"

A Mizere anayang'ana malo opanda kanthu pakati pa zizindikiro ziwirizo.

"Fayilo yake ilipo, mama," anatero.

"Ndiye mubwere nayo Lamlungu. Musaipinde."