Pulani Yanga Inawachotsetsa Ntchito Achimwene

Inu owerenga, ine ndinakhoza mayeso, achimwene anga n'kutaya ntchito chifukwa cha mayeso omwewo. Ndanena poyambirira pomwe kuti musandimvere chisoni tikamapita, chifukwa wofunika chisoni pankhaniyi si ine ayi.

Zinachitika zaka zoyambirira za matipate. Ndinkagwira ntchito pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni, ndikukhala ku Chilomoni, ndipo ndikaweruka ndinkathamangira kukalasi kukaphunzira kayendetsedwe ka bizinesi, maphunziro aja amachita munthu atatenga kale digiri. Ndinali wonyada, sindibisa. Kumtundu kwathu konse wofika pamenepo ndinali ndekha, ndipo tayi sindinkavula ngakhale popita kukagula makala.

Chakumapeto kwa maphunzirowo aphunzitsi anatipatsa ntchito yaikulu. Aliyense apeze kampani yeniyeni, aifufuze bwinobwino, aone pamene ili ndi mphamvu, pamene ikufooka ndi zimene zingaigwetse, kenako alembe pulani ya mmene ingayendere zaka zikubwerazo. Anzanga anavutika, kumangobwezedwa ndi alonda pamageti a makampani a ku Maselema. Ine ndinangoseka chamumtima. Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, anali ndi kampani yophika buledi ndi masikono ku Ndirande, ndipo bizinesiyo inali itayamba kutsimphina chifukwa ophika buledi anali atangoti mbwee paliponse. Amalume anandilandira ndi manja awiri. Anati ndifufuze chilichonse, paja anandiphunzitsira zomwezo.

Pakampanipo pankagwiranso ntchito achimwene anga a Lusiyano, oyamba kubadwa m'mimba mwa mayi. Iwo sukulu analekera panjira bambo atamwalira, ine n'kupitiriza. Ntchito yawo inali kuyendetsa kagalimoto kogawa buledi m'magolosale a ku Ndirande mpaka ku Machinjiri. Anali munthu wanthabwala. Tikakumana pageti ankandikoka tayi n'kumafunsa ngati ndimagona nayo.

Pofufuzapo ndinapeza vuto loonekeratu. Masiku ambiri galimoto sinkatuluka. Buledi ankagona, kuuma, eni magolosale n'kutopa, kuyamba kuoda kwa ena. Ndikafunsa ogwira ntchito pauvuni kuti adalaivala ali kuti, yankho linali limodzi: apita kumaliro. Sabata ino ku Phalombe kwathu, sabata yamawa ku Bangwe, kenako ku Phalombe konko. Amene munalipo mukukumbukira mmene maliro anachulukira zaka zimenezo. Ine ndinangolemba kuti kujombajomba. Achimwenewo sindinawafunse kanthu ngakhale kamodzi. Aphunzitsi anali atatichenjeza kuti wofufuza asamakondere, ndiye ine ndinkati ndikakhala nawo pansi chibale chindifewetsa mtima.

Pulani yanga inali yachidule. Galimoto igulitsidwe, ntchito ya dalaivala ithe, buledi azidzaoda m'mawa anthu a njinga n'kumakagulitsa okha m'makwalala. Dzina la munthu sindinalembe. Ndinadzinamiza kuti potero ndawateteza, ngati kuti pakampanipo panali madalaivala khumi.

Kunena zoona, mumtima ndinkati ili ndi pepala la mayeso chabe, likachongedwa likagona pashelefu n'kudyedwa ndi mphemvu. Koma aphunzitsi analiyamikira mpaka kuwerenga zigawo zina m'kalasi, ndipo pamenepo mutu unandikulira. Ndinakalimangitsa ndi chikuto cholimba, zilembo zagolide pamwamba, n'kukapereka kwa amalume ngati mphatso. Ndinkafuna aone kuti sukulu yanga sinapite pachabe. Ndinkadziwa kuti Chingerezi chawo n'chogulira ufa ku Limbe basi, choncho ndinayesa kuti angolisunga m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo. Ayi ndithu. Anaitana mnzawo wa kutchalitchi, mphunzitsi wopuma, kuwamasulira tsamba ndi tsamba.

Chimene sindinaganize n'chakuti kwa amalume, mawu a mwana wophunzira, otayipidwa bwinobwino, anali ngati chigamulo cha khoti. Posakhalitsa galimoto inagulitsidwa. Achimwene anaitanidwa n'kuuzidwa kuti ntchito yatha, ndipo amalume, pofuna kudzichotsapo, anawaonetsa buku lija. Anati si iwo ayi, walemba ndi mng'ono wawo amene anapita kusukulu.

Nditamva ndinathamangira ku Ndirande thukuta lili kamukamu. Ndinawauza amalume kuti zija zinali za kukalasi, sizinali zoti achite. Iwo anandifunsa:

"Ndiye unalemba bodza?"

Silinali bodza. Ndipo chowawa kwambiri, inu owerenga, n'chakuti pulaniyo inayenda. Anthu a njinga ankadzaza pageti mbandakucha, buledi analeka kugona, kampani inadzuka. Amalume ankanditama paliponse, kutchalitchi, kuukwati, ine manyazi akundigwira.

Achimwene sanandilalatire, sanabwere n'komwe ku Chilomoni. Anasamuka ku Ndirande kukakhala m'kanyumba kakang'ono ku Bangwe ndi alamu ndi ana, n'kupeza ntchito yoyendetsa minibasi ya munthu wina. Ine ndinkati ndipita mawa kukawaona, mawa likafika ndipita Lamulungu. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kenako kunabwera uthenga woti azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo, atisiya ku Phalombe. Taonani kupusa kwanga: ndinanyamuka kukawasaka achimwene pasiteji ya minibasi ku Limbe kuti ndiwauze apite, monga tinkachitira nthawi zonse. Ndinawapeza ali pachiwongolero, akudikira kuti idzaze. Anamvetsera, n'kupukusa mutu.

"Pita iwe. Kuno ukajomba tsiku limodzi makiyi amapatsa wina. Paja kujombajomba kumagwetsa kampani."

Sanakweze mawu. Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka, ine n'kutsala ndili chilili pafumbi.

Ndinapita ndekha. Kumudziko ndinali ndisanapondeko kuyambira pamene tinaika bambo, ndipo anthu ankandiyang'ana ngati mlendo wochokera kuboma. Aliyense wondipatsa moni ankamaliza ndi funso lomwelo, kuti a Lusiyano ali kuti, kodi akudwala? Woyendetsa mwambo ataitana achibale a kutauni kuti alankhule, ndinaimirira ndi tayi yanga, koma mayina a ana a azakhali sindinkawadziwa. Ndinangozungulirazungulira mawu n'kukhala pansi.

Tikuchokera kumanda, msuweni wanga wina anayenda nane. Iye sankadziwa chilichonse cha ku Ndirande, ankangocheza. Anati kumudziko dzina langa amalidziwa bwino ngakhale nkhope anaiiwala, chifukwa pamaliro aliwonse achimwene akaimirira ankanena kuti abwera m'malo mwa amalume ndi m'malo mwa mng'ono wawo, amene wapepesa kwambiri, sukulu yamugwira. Anati kagalimoto ka buledi kaja kananyamula mabokosi a abale athu ambiri omwalirira m'tauni, ndipo ankakatumiza ndi amalume omwe.

Ndinayamba kukumbukira mauthenga amaliro amene ankandipeza kuofesi, ine n'kuyankha kuti ndili ndi kalasi, achimwene apita. Ndinkanena mopepuka, osaganiza n'komwe kuti akapita galimoto igona. Masiku amene ndinawalemba kuti kujombajomba aja, ambiri anali anga. Iwo ankakhala pasiwa kuti ine ndikhale m'kalasi, kalasi yomweyo n'kundiphunzitsa kuwachotsa. Ndinalira panjirapo, msuweni n'kumayesa ndikulira azakhali.

Pobwerera sindinafike ku Chilomoni, ndinalunjika ku Bangwe. Ndinagwada pakhonde, alamu akuona, n'kupepesa. Achimwene anandidzutsa, anati mwamuna wamkulu sagwada pafumbi ndi buluku la kuofesi.

"Zimene unalemba n'zoona, mphwanga. Galimoto inkagonadi. Koma ukanandifunsa, ndikanakuuza kuti anali maliro a ndani."

Ntchito yawo sinabwerere, poti galimoto inali itapita ndipo amalume anali atazolowera njinga. Kuyambira pamenepo maliro a kumudzi ndimapita ndine, ndipo mayina a abale ndinachita kuwaphunzira ngati mwana wa sitandade wani. Koma zimenezo sizinabweze ana a achimwene kusukulu yawo ya ku Ndirande, sizinawabwezere nyumba ija.

Ndiye inu amene muli pamaphunziro oterewa, ndimvereni. Sindikuti musamanene zoona, kapena kuti bizinesi ife chifukwa cha chibale. Ndikuti palibe pepala la mayeso chabe ngati mwalembamo za anthu amoyo. Likachoka m'manja mwanu limakagwera kwa wina amene adzalikhulupirira kuposa inu eni. Musanalembe kuti uyu ndiye akufooketsa kampani, pitani mukakhale naye pansi, mumufunse kumene amakhala akasowa pantchito ndiponso amene amamutuma. Mwina mudzalembabe zomwezo, koma adzazimva kuchokera pakamwa panu, osati kwa womasulira.

Ine ndi achimwene timalankhulana, timadyera limodzi pa Khirisimasi, ana awo amanditcha bambo aang'ono mwaulemu wonse. Koma chichokereni tsiku lija, ndikafika pakhomo pawo nditavala tayi, amangoiyang'ana n'kundipatsa mpando. Sanaikokenso.