Moni wa Apongozi Upite Kumapeto

Kuseri kwa sitolo ya penti kuli malo ochapira zovala, ndipo mkatimo, pakati pa mahang'ala ndi mabeseni, mumagwira ntchito mayi wina amene onse amangomutchula kuti Nthunzi. Mayi ameneyu akasita buluku, mzere wake ungathe kumetera ndevu. Amasita akuimba, ndipo akakweza mawu mabatani a malaya amanjenjemera, makasitomala n'kuiwala kuti anabwera kudzadandaula za kolala.

Nthunzi anali ndi nyimbo yake imodzi, yopeka yekha, ya mkazi amene akusita malaya oti mwamuna wake akavinire ndi wina. Anakaijambulitsa kwa bambo wina wadazi wotchedwa Mahedifoni, m'kachipinda kokhomedwa matiresi m'makoma, kotentha moti ntchentche ikalowa imapempha madzi. Loweruka lililonse akapita kumeneko, ana ankawasunga apongozi ake. N'chifukwa chake nyimboyo inayamba ndi ulemu. Ng'oma isanalire, Nthunzi ankapereka moni wotchula mayina kwa apongozi, kwa amuna ake, kwa alamu onse potsata msinkhu, kwa abwana a kuntchito, mpaka kwa amene anamubwereka nsapato. Munthu ukanatha kupita kukagula sopo n'kubwerako moni usanathe.

Mahedifoni anaitumiza nyimboyo ku kampani yogawa nyimbo, ija imaziika m'mapulogalamu omvera pa foni, ndipo anamukhazika Nthunzi pansi.

"Tamvani achemwali. Kumeneko sagula nyimbo ngati ndowa. Ndalama za olipira pamwezi ndi za otsatsa malonda amaziponya m'thumba limodzi, n'kugawa potengera kuti nyimbo ya ndani yamveredwa kangati. Zanu zimadzera kwa ogawa aja, iwonso amanyemako. Koma munthu akaitseka theka la mphindi lisanakwane, sawerenga. Ndipo kwinako, nyimbo ikapanda kumveredwa ka chikwi m'chaka, simulawa kanthu."

"Chikwi basi?" anatero Nthunzi. "Ine malaya chikwi ndimasita ndisanayasamule."

Miyezi inapita, nambala ya omvera ikukwawa ngati nkhono yodwala msana. Amuna ake, dalaivala wa lole amene amakhulupirira kuti chilichonse chimayenda ukachikankha, anasonkhanitsa mafoni akale a m'banja lonse, kuwatsitsa mawu, kuwaika m'dirowa pansi pa masokosi kuti aziimba mobwereza. Sabata lisanathe Mahedifoni anafika kuntchito dazi lili thukuta lokhalokha.

"Zimitsani! Ogawa aja aona. Akuti amene akumvera si anthu, mukapitiriza aichotsa nyimboyo. Masokosi alibe makutu, achemwali!"

Nthunzi anazimitsa mafoniwo, nayamba kusaka makutu enieni. Tsiku lina kunabwera kasitomala wa suti yaukwati, anakhala pabenchi akudikira jekete.

"Achimwene, poti mwangokhala, tatsegulani nyimbo iyi pa foni yanu. Ndi yanga."

Bamboyo anatsegula mwaulemu. Nthunzi anaimika simbi n'kumamuyang'ana m'mbali. Foni inati, "Moni kwa apongozi anga okondedwa." Bamboyo anagwedeza mutu. Inati, "Moni kwa bambo a kunyumba." Anayang'ana kudenga. Itafika pa mlamu wachiwiri, chala chachikulu chinangoti see, kwalowa nyimbo ya munthu wina.

"Ndi yabwino kwambiri, mayi," anatero bamboyo.

Anali asanamve n'liwu limodzi lomwe la kuimba. Nthunzi anamaliza jeketeyo, anaipachika, ndipo ataweruka anapita kwa Mahedifoni, amene anamuonetsa pakompyuta kuti otsegula nyimboyo ndi ambiri, koma owerengedwa ndi ochepa.

"Ndiye tidule moniwo," anatero Nthunzi.

"Tikadula ikhala ngati nyimbo yatsopano. Kuwerenga kuyambira pansi. Zija mwasonkhanitsazi ziiwaleni."

"Ziyambire pansi. Malaya akakwinyika sindimawalirira, ndimawanyowetsanso."

Kuyambira pansi sikunamuopse. Chimene chinamuopsa ndi apongozi. Mayi aja amaopedwa ndi agalu a mumsewu wonse, ndipo moni uja unali ulemerero wawo. Anali atauza aliyense, mpaka wowerenga mita ya madzi, kuti dzina lawo lili pa intaneti.

Nthunzi anawapeza pakhonde akusoka chigamba pa yunifolomu ya mdzukulu. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani ya nyimbo ija."

"Nyimbo yathu? Ine ndiye ndimaimvera m'mawa, masana, madzulo. Akanakhala kuti amalipira bwino, bwenzi pano muli ndi galimoto chifukwa cha ine ndekha. Taonani."

Anatulutsa foni m'thumba la diresi, anaitsegula. "Moni kwa apongozi anga okondedwa." Nkhope yawo inawala ngati mbale yatsopano. Kenako anadina, foni inati zii.

"Mwazimitsa, amayi?"

"Nanga n'kudikiranso chiyani? Kwatsalako ndi alamu anu, ndimawadziwa kale, ndinawabereka ndine."

"Ndiye kuimba kwanga munakumvapo?"

"Mumaimba bwino, ndimakumvani mukamatsuka mbale."

Nthunzi anapuma mozama. Anafotokoza za theka la mphindi, za chikwi, za bambo wa suti ndi chala chake. Anawauza kuti kumvera kwawo konse kuja, m'mawa, masana ndi madzulo, sikunalowe m'chiwerengero ngakhale kamodzi. Kenako ananena chimene anabwerera.

"Moni ndikuuchotsa koyamba, amayi. Ndiuika kumapeto."

Singano inaima m'mwamba. Mumsewu galu amene ankadutsa anabwerera.

"Kumapeto? Ine? Amene ndinakusungirani ana mpaka msana kuchita kulira ngati chitseko? Kumapeto kumakhala zinyenyeswa, mayi."

"Ndikudziwa zimene munandichitira, ndipo sindidzaiwala. Koma ndinapita kuja kukaimba, ndipo palibe amene akundimva. Loweruka ndikukadula. Ndinafuna mumve kwa ine, osati pa foni."

Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kuja kumene kumaumitsa zovala pachingwe. Kenako analuma ulusi n'kuudula.

"Ndiye kuti aliyense wofuna kumva dzina langa adzayenera kukhala mpaka nyimbo ithe?"

"Eya, amayi."

"Ndi alamu anu omwe?"

"Onse."

"Mayina awo muwaike pambuyo pa langa, adikire, aulesi amenewo. Ndipo Loweruka ana akasiyidwe kwa bambo awo. Ndikupita nanu. Dzina langa ndikalitchula ndekha, inu mumalitchula ngati mukuopa kuti likulumani."

Loweruka Mahedifoni anawaveka apongozi zomvera m'makutu pamwamba pa duku, anawaimika pakona, nawapempha kuti asapume mokweza. Nthunzi anaima patsogolo pa maikolofoni, anapukuta manja pa siketi. Ng'oma inalira kamodzi kokha, iye n'kulowa pomwepo ndi mzere woyamba, wa malaya oyera ndi mkazi wosagona.

Pakona paja apongozi anatsegula pakamwa, naiwala kutseka. Vesi yoyamba itatha anamukoka Mahedifoni malaya.

"Iwe wadazi, mwamuna wa m'nyimboyu ndi mwana wanga?"

"Chete amayi, tikujambula!"

Nthunzi anamva, koma sanatembenuke. Anakoka mpweya, nalowa vesi yachiwiri.